Amayi anati "Tamva", ine ndinati avomera

Inu owerenga, ine ndine mtsikana wa Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera kuno ku Phalombe. Chaka chino ndawatayitsa amayi anga dimba lawo. Sindinagulitse, sindinawabere. Ndinangosintha liwu limodzi pomasulira pa msonkhano, ndipo mpaka lero mtima wanga sukukhala pansi. Ndalemba izi kuti mnzanga wina amene amanyadira Chingerezi chake ngati mmene ndinkachitira ine asadzagwe m'vuto lomweli.

Dimbalo lili m'mbali mwa kamtsinje kamene kamatsikira ku nyanja ya Chilwa. Amayi anachita kusiyiridwa ndi amayi awo, paja kwathu kuno munda umatsata mkazi, abambo amangobwera ngati akamwini. M'chilimwe, minda yonse itauma, ife tinkadya mpiru, tomato ndi chimanga chachiwisi cha m'dimbamo. Zotsala amayi ankapita nazo ku msika wa pa Boma. Yunifolomu imene ndimavalayi inachokera mmenemo.

Pali kampani ina yaikulu imene imagula mpendadzuwa ndi nandolo kudera lathu. Titangokolola, inatumiza uthenga kuti ikubwera kudzamva maganizo a anthu onse okhudzidwa ndi ntchito zake. Akuti amene amagula katundu wake kunja amafuna kudziwa kuti mbewuzo zimalimidwa mosawononga mitsinje. Ndiye ganizo lawo linali loti anthu aleke kulima m'mphepete mwa kamtsinje kaja, mubzalidwe nsungwi ndi mitengo. Analonjezanso mbewu yabwino kwa alimi, ndi magetsi a sola pa sukulu yathu.

Ine ndinasangalala kwambiri. Ndili mu kalabu ya zachilengedwe, ndipo ndinaona ndi maso anga mtsinjewo utasefukira n'kugumula nyumba za anthu. Ngakhale lero sindikunena kuti mitengo ndi yoipa ayi.

Msonkhano unachitikira pa bwalo la sukulu. Alendowo anatigawa m'magulu kuti aliyense alankhule momasuka. Bambo wina wa kampaniyo wochokera ku Blantyre anakhala ndi amuna, mnzake wina wa kampaniyo anatenga achinyamata. Panalinso mayi wachizungu wochokera ku likulu la kampaniyo, amene tinkangomutchula kuti Madamu. Iye anasankha yekha kukhala pa mkeka ndi gulu la amayi. Popeza sankamva Chichewa, aphunzitsi athu a Mulepa anandiloza ine kuti ndizimasulira. Ndinayenda ngati sindikuponda pansi.

Madamu anali atavala chitenje, koma chomanga mopotoka. Amake Esinati, oyandikana nafe nyumba, amene sasunga mawu m'kamwa, anati, "Iwe mwana, uwauze adonawo amangitse chitenjecho, chingawagwe pamaso pa apongozi."

Amayi onse anaseka. Madamu atandifunsa chimene chanenedwa, ndinawauza kuti amayiwo akuwalandira ndi manja awiri. Ndinaona ngati ndachita zanzeru. Sindinadziwe kuti ndayamba kale kupukuta mawu a anthu kuti aoneke oyera.

Madamu anafotokoza bwino, ndipo sanabise kanthu. Anationetsa pa foni zithunzi za mitsinje ya kwina imene inachira atabzalamo mitengo. Amake Esinati anafunsanso, "Kodi nsungwizo amathyolamo ndiwo?" Ine ndinamasulira kuti amayiwo akufuna kudziwa ntchito ya nsungwi. Madamu anakondwa, n'kuyamba kukamba za madengu ndi malichero.

Pomaliza anafunsa ngati amayi akugwirizana nalo ganizolo. Onse anayang'ana amayi anga, chifukwa anzawo akanataya mizere yochepa chabe, koma dimba lathu lonse linali m'kati mwa malo ankanenawo. Amayi anaomba m'manja pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Tamva." Enanso anatsatira, "Tamva, tamva."

Inu owerenga, mukudziwa nokha tanthauzo la liwu limeneli. Mlendo amene wayenda ulendo wautali sumukanira pamaso. Umati tamva, kenako umapita kunyumba, umakagona nayo nkhaniyo, umakawauza amalume amene ndi eni mbumba, yankho limabwera pambuyo. Tamva si inde, komanso si ayi. Ine ndinakulira momwemo, ndinkadziwa.

Koma Madamu anandiyang'ana akumwetulira. M'mawa womwewo anali atandiyamikira kuti ndimalankhula bwino Chingerezi, ndipo atsikana ngati ine tiyenera kufika ku yunivesite. A Mulepa anali ataima chapafupi. M'mutu mwanga munali magetsi okhaokha. Ndinaopanso kuti ndikanena kuti amayi sanayankhe, alendo aganiza kuti anthu a kwathu ndi otsalira. Ndiye ndinawauza m'Chingerezi kuti amayi avomera.

Madamu anaomba m'manja, amayi nawonso anaomba mwaulemu. Aliyense ankaombera zakezake.

Madzulo ake bambo anga anatifotokozera za gulu la amuna akuseka. Anati, "Ife tawauza kuti minda ndi ya eni ake. Ife tinangobwera ndi thalauza, afunse amayi." Apo ndinazindikira kuti nkhani yonse yatsamira pa liwu langa lija. Ndikanatha kuulula tsiku lomwelo. Ndinadziuza kuti alendowo abweranso kudzafunsa kachiwiri, zikonzeka zokha.

Amayi anga anakwera kabaza kupita ku nyanja, kumene amalume amapha nsomba, kukawauza nkhaniyo. Anabwerako ndi yankho lokonza bwino: mitengo sitikukana, koma atikumbire chitsime chakumtunda kuti dimba lisamukire kumeneko. Anakhala akudikira tsiku lodzapereka yankholo. Ankandifunsa kuti, "Kodi alendo ako aja abwera liti?" Ine ndinkangoti sindikudziwa.

Amene anabwera anali bambo wa ku Blantyre uja, pamodzi ndi alangizi a zaulimi ndi komiti imene inasankhidwa m'mudzi. Ananyamula zikhomo zopaka penti yofiira. Tinali m'dimba tikuthirira tomato pamene anayamba kukhoma, kudutsa kumtunda kwa dimba lonse.

Amayi anatula ndowa pansi. "Bambo, mukukhoma chiyani? Yankho lathu simunalimve."

"Amayi, yankho munapereka kale pa msonkhano paja. Gulu la amayi linavomera."

"Tinavomera liti? Ife tinati tamva."

Bamboyo, chifukwa iye Chichewa ndi chake, anamvetsa nthawi yomweyo. Anayang'ana ine, kenako analankhula motsitsa mawu. "Pepani amayi. Ife tinauzidwa kuti mwavomera. Womasulira anali mwana wanu yemweyu."

Amayi sananditembenukire. Anatola ndowa yawo n'kumaliza kuthirira mzere umene anauyamba. Ndikanakonda akanandimenya.

Bamboyo anati nkhaniyo inapita kale kwa akuluakulu, mbande zagulidwa, ndipo iye payekha sangasinthe. Alangizi anawonjezera kuti kulima m'mbali mwa mtsinje n'koletsedwa kale. A komiti, ambiri mwa iwo minda yawo ili kumtunda, sanafune zobwerera m'mbuyo. Anatilola kukolola tomato, basi. Pano m'dimbamo muli timitengo ndi nsungwi zotchingidwa ndi minga.

Chimene chimandiliza kwambiri ndi ichi. M'mudzi wa tsidya lina amayi a kumeneko anayankhanso chimodzimodzi, koma womasulira anawauza alendowo kuti anthu akufuna akakambirane kaye. Kampani inadikira, inabweranso, inamva zofuna zawo, ndipo inawakumbira chitsime. Madimba awo anangosunthira kumtunda. Khomo linali lotsegula, ndinalitseka ndine.

Tsopano amayi amalawira kukagwira ganyu m'minda ya mpunga ya anthu ena ku dambo. Tomato amene ankagulitsa, lero amachita kugula, ndipo amasankha wophwanyika. Amake Esinati akandiona pa mjigo amafuula kuti, "Patukani, akudutsa Madamu Avomera!" Anthu amaseka, inenso ndimayesa kuseka. Magetsi anaikidwadi pa sukulu. Anzanga amasangalala nawo powerenga madzulo, koma ine ndikayang'ana babu ndimaona dimba la amayi.

Sindinataye mtima. Kampaniyo inasiya nambala yoimbira munthu akakhala ndi dandaulo. Ndinabwereka foni ya a Mulepa, ndinaimba, ndinafotokoza zonse popanda kudzibisa. Amene anayankha anati alendowo abweranso mvula ikatha kudzaona mmene ntchito ikuyendera, ndipo nkhani yathu idzakambidwa. Sindikudziwa ngati adzatikumbira chitsime. Koma tsikulo ndidzaimirira pamaso pa onse, ndipo ndidzanena m'zilankhulo zonse ziwiri chimene amayi ananena ndi chimene ndinanena ine.

Anzanga a sukulu, mukapatsidwa ntchito yomasulira, pakamwa panu si panu. Mawu a kholo lanu muwapereke mmene alili, ngakhale aoneke osalongosoka, ngakhale akhale nthabwala yoluma. Musawachitire manyazi anthu a kwanu. Ndipo inu a makampani amene mumabwera kudzamva maganizo athu, zikomo pobwera, koma msonkhano umodzi sukwanira. Mukamva anthu akuomba m'manja musafulumire kunyamuka. Bweraninso, mufunse kachiwiri, ndipo musasenzetse mwana wa sukulu nkhani ya minda.

Ine ndinapepesa. Ndinawapeza amayi akupeta mpunga wa malipiro a ganyu kuseri kwa nyumba, ndinagwada, ndinawauza zonse, za magetsi, za yunivesite, za manyazi anga. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, lichero lili m'manja. Kenako anati, "Ndamva, mwanangu," n'kupitiriza kupeta.

Ulendo uno sindikumasulira. Ndikudikira yankho.