Airima Asowa Papa

Chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa ku Tsangano, kutchalitchi kwathu kunabwera sisitere wa ku Peru. Ife kuno timati airima, potengera Chipwitikizi chimene timayankhula. Chipwitikizi chawo chinali chosakanikirana ndi Chisipanyolo cha kwawo, ndiye tinkamvana mwa apo ndi apo.

Apongozi anga aamuna anali akatekisita, ndipo analamula kuti mlendoyo azidzadya kwathu Lamulungu lililonse. Anandituma kuti ndikafunse chimene amakonda.

"Papa," anatero airima atagwira pamtima. "Papa basi. Ndasowa kwambiri."

Nditafika nawo mawuwo kunyumba, panabuka mtsutso.

"Akunena Apapa a ku Roma," anatero apongozi. "Munthu wa Mulungu angasowenso ndani?"

"Iyayi bambo," anayankha mkazi wanga. "Pa Chipwitikizi papa ndi phala. Si mwafunsa za chakudya?"

Ine ndinati mwina asowa bambo awo owabereka, koma palibe anandimvera. Apongozi anadula chithunzi cha Apapa pakalendala yakale n'kuchikhoma pakhoma. Mkazi wanga anaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, dzuwa lili paliwombo.

Airima atafika, anayang'ana mbale ya phalayo, nayang'ana ife, n'kuyamba kumwa pang'onopang'ono. Apongozi ankangoloza chithunzicho, iwo n'kumagwedeza mutu mwaulemu. Phala linatsala theka. Mkazi wanga anati vuto ndi shuga, ndiye sabata yotsatira anathira wambiri mpaka supuni kumata. Mlendo wathu anamwa ndithu, thukuta lili kamukamu.

Lamulungu lachitatu, atatha kumwa, airima anazungulira kuseri kukasamba m'manja. Kumeneko apongozi anali atakhala pathumba la mbatatesi zimene tinakumba dzulo lake, zodikira galimoto. Tinangomva kukuwa.

"Papa! Papa!"

Tinatuluka chothamanga. Airima anali pa liwiro kulunjika kwa apongozi, manja ali m'mwamba. Mkuluyo anaganiza kuti mwana wa eni wamutenga ngati bambo ake. Anaimirira, navula chipewa, natambasula manja, nkhope itafewa. Airima anawadutsa ngati mtengo, nagwada pathumba paja. Anatapa mbatatesi zadothi m'manja onse awiri n'kumazinunkhiza, misozi ili mbwembwembwe.

Apongozi anakhala choncho manja ali otambasula, kenaka anayamba kukuntha fumbi pachipewa.

Ifetu mbatatesi zinatikola kalekale. Timadya m'mawa, timadya madzulo, zing'onozing'ono timaponyera nkhumba. Ndani akanaganiza zopatsa mlendo wolemekezeka?

Titakhala pansi, airima anafotokoza kuti kwawo mbatatesi ndi papa, ndipo Apapa a ku Roma nawonso ndi papa. Chosiyanitsa ndi kaliwu kamodzi kotsogola: "la" ikakhala mbatatesi, "el" akakhala a ku Roma. Bambo wokubereka naye ndi papa, kungoti mawuwo umawakweza kumapeto.

"Ndiye kuti ine sindinalakwe," ndinatero.

Apanso palibe anandimvera. Apongozi anali atakwinya nkhope.

"Airima, ndiye kwanuko mumati mukusenda papa? Kukazinga papa? Lilime likaterereka si tchimo limenelo?"

Airima anaseka mpaka kutsamwa.

Loweruka lotsatira anabwera m'mawa atavala epuloni. Iwo ndi mkazi wanga anaphika mbatatesi, nazinyenya, nathira tsabola, mandimu ndi mazira owiritsa. Apongozi anadya mbale ziwiri, koma anadalitsa chakudyacho pa Chichewa chokhachokha, ndipo anatchula bwinobwino kuti mbatatesi, kuopa kuti kumwamba angamve zina.