Mpanda wa Bwalo ndi Nsanja ya a Gondwe

Loweruka lapitali ndinasenza munthu wamkulu, wa ndevu zake ndi zidzukulu zake, n'kumukweza pansanja. Msana ukundiwawabe pamene ndikulemba izi, ndiye mundilole ndidandaule pang'ono.

Munthuyo ndi a Gondwe, oyandikana nawo nyumba kuno ku Rumphi, kumene ntchito ya uphunzitsi inandiponya ine mwana wa ku Dedza. A Gondwe anayendetsa malole zaka zambiri, mpaka matenda akufa ziwalo anawagwira mwendo ndi mkono wakumanzere. Kuyambira pamenepo dziko lawo lonse ndi khonde. Mwayi wake khondelo linayang'ana bwalo la mpira, kuseri kwenikweni kwa golo, ndipo mwana wawo Wongani ndiye amasewera kutsogolo mutimu yathu. Loweruka lililonse akazi awo, NyaKumwenda, ankawatulutsira mpando, iwo n'kumaonera mwana wawo uku akulalatira oyimbira. Sabata yonse ankangodikira tsiku limenelo.

Kenaka kunabwera chitukuko.

Akhonsolo anati bwalo lathu likhale lamakono ngati a m'tauni: mpanda wa njerwa kuzungulira, chipata chimodzi, ndipo aliyense wolowa azisiya kangachepe. Ndalamazo akuti zidzamangira mipando ya simenti, chipinda chovaliramo osewera, ndi bwalo la atsikana la mpira wamanja. Tonse tinaomba m'manja. Inenso ndinaomba, ndipo ndinali kutsogolo. Ndani angadane ndi chitukuko?

Koma simenti ili ndi miyendo, abale. Tsiku lomwe akhonsolo anawerengera mtengo wake, iyo inali itayamba kale ulendo. Akati apeze ndalama, mtengo wakwera. Akati apemphe zoonjezera, zikafika mtengo wakweranso, ndipo lole yobweretsa nayo ikufuna zake. Amene amadziwa zinthu akuti ndi chifukwa cha nkhondo ya m'dziko la anansi athu, yomwe yachititsa kuti katundu aziyenda njira zozungulira. Ine zimenezo sindizidziwa. Chimene ndaona ndi maso anga n'choti mpanda umene unayenera kutha chilimwe chimodzi wakhala ukukula ngati mwana, chaka chino mizere ingapo, chaka cha mawa ina, ndipo mwana amene anabadwa pokumba maziko ake pano ndikumuphunzitsa mu Sitandade 1.

Mpanda ukukwera choncho, a Gondwe anayamba kutaya mpira pang'onopang'ono. Poyamba anasiya kuona mapazi. Sanadandaule, anangoti mpira wabwino umaoneka m'chiuno. Chaka chinacho chiuno nachonso chinalowa. NyaKumwenda anaika njerwa pansi pa miyendo ya mpando, zinathandiza miyezi ingapo. Amisiri atabweranso, a Gondwe anatsala ndi mpira wa m'mwamba wokha, uja womenyedwa ndi goloboyi.

Apa ndi pomwe anatulukira mlamu wawo wa ku Kazuni. Anthu akumeneko amagona m'minda kulinda chimanga kuti njovu za ku Vwaza zisawathere, ndiye kumanga nsanja sachita kuphunzira. Mkuluyu anayang'ana mpanda, anayang'ana khonde. Anadula mitengo ya mphanda, anabwera ndi luzi, ndipo dzuwa lisanapendeke nsanja inali itaima pabwalo pa a Gondwe, ya makwerero ake ndi kadenga ka udzu.

Mukudziwa mmene timachitira ife. Sabata yotsatira panali nsanja yachiwiri kwa a Mhango. Kenaka kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa. Pano mukadutsa mbali yathu ya bwalo mungaganize kuti tikudikira anyani. Akhonsolo akaonjeza mzere, ife timaonjeza mtengo. Kusiyana kwake n'koti simenti ndi yogula, luzi ndi lam'tchire.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangonena kuti mpandawo sitikuufuna? Aa, inu ndinu alendo kodi?

Mwezi watha kunali msonkhano pansi pa mtengo wa pasukulu. Khansala wathu, munthu wabwino ndithu amene ndimapemphera naye mpingo umodzi, anafotokoza kuti mtengo wakweranso, choncho mudzi uliwonse uumbe njerwa ndipo banja lililonse lisonkhe. Atamaliza anafunsa kuti, “Alipo ali ndi maganizo ena?” Apampando a chipani anali pomwepo pambali, atapinda manja. Kunali zii. Kenaka mdala wina anaimirira, anavula chipewa, nati, “Yewo chomene, bwana. Chitukuko chiwemi.” Ndiko kuti zikomo kwambiri, chitukuko n'chabwino. Tonse m'manja phwaphwaphwa.

Tsiku loumba njerwa litafika, ndinadabwa kumva kuti pafupifupi mudzi wonse uli ndi maliro. Wina ku Mwazisi, wina ku Phwezi, wina kutali kunyanja. Azakhali ena ake a Mhango, mwa kuwerenga kwanga, tsopano amwalira kachitatu. Pankhuti panapezeka khansala, ine, ndi ana asukulu amene sakanatha kundithawa.

Ndiwo mayankhidwe athu amenewo. Pakamwa timati inde, miyendo n'kukanena zoona. Ndipo musaganize kuti ndi a kumpoto okha, kwathu ku Dedza ndife akatswiri. Vuto lake n'loti wolemba lipoti amamva za pakamwa zokha. Iye amakalemba kuti anthu alandira ndi manja awiri, mpanda n'kumapitirira.

Chonsecho zodandaula zilipo, ndipo si zopusa. Amayi amati njira yawo ya kuchigayo inkadutsa pakati pa bwalo, pano amazungulira ndi thumba pamutu. Anyamata amati iwo ndi amene anazula zitsa pabwalolo pa Sabata ya Achinyamata, ndiye alipire bwanji kuti aone malo amene anasalaza okha? Ena amangofunsa kuti ngati ndalama za pachipata zidzathera kubweza za mpanda, ndipo mpanda unamangidwa kuti pakhale ndalama za pachipata, wapindula ndani kupatula wogulitsa simenti? Zonsezi mumazimva kuchitsime ndi kumowa. Pamsonkhano simungazimve.

Kunena chilungamo, bwalo labwino tinalipempha tokha, ndipo walira mvula walira matope. Ndikuvomera. Koma matope ena amagwera munthu mmodzi kuposa anzake.

Ndibwerere ku Loweruka lija. Kunabwera timu ya ku Mwazisi, anyamata a m'minda ya fodya, amiyendo ngati misi. NyaKumwenda anandiitana pampanda wa bango, monga amaitanira aphunzitsi kuno. “Asambizi, tabwerani mutithandize. Adada akufuna kukwera.”

Tinali atatu. Mmodzi pamwamba kukoka, awiri pansi kukankha, ine ndili kumwendo wodwala uja womwe sumva chilichonse koma umalemera kuposa unzake. A Gondwe, m'malo mothokoza, ankatilamula ngati akulozera lole yobwerera m'mbuyo. “Kumanzere, asambizi! Mwe, choko chinakuthani mphamvu!” Titawakhazika tonse tinaseka, thukuta lili kamukamu. NyaKumwenda okha sanaseke.

Anandikokera pambali. “Iyi ndi nsanja yomaliza,” anatero motsitsa mawu. “Mlongo wanga akuti atha kuikweza, ine ndakana. Akadzagwa pamenepo ndidzati chiyani kwa ana? Mpanda ukakweranso, basi, adada azimvera phokoso.”

Ndinafunsa ngati sitingawalowetse pachipata, ndalama ndilipira ine. Anapukusa mutu. Chipata chili mbali inayo, kumsewu. Anayesapo kamodzi kuwatengera pa wilibala, a Gondwe anati iwo si thumba la feteleza kuti aziwakankha pamaso pa anthu. Komanso mkatimo mipando ija sinamangidwe, anthu amaonera choimirira, ndiye munthu wokhala pansi amangoona misana.

Ndinakwera nawo pansanja. Kunena zoona malo ake ndi abwino, kamphepo kayaziyazi, mapiri ali poteropo. Golo lakutali limaoneka lonse bwinobwino. Koma golo lapafupi, lomwe lili m'munsi mwa mpanda, mumangoona mitu ikuyendayenda, ndipo a Gondwe anaphunzira kuwerenga mpira pa mitu yokhayo. “Onani uyo wawerama, ali nawo. Uyo wacheuka, amulanda. Uyo wa dazi watopa, amutulutse!” Wailesi ikanawamva ikanawalemba ntchito.

Chigawo choyamba chinatha opanda chigoli. Chachiwiri, timu yathu inkamenyera ku golo lapafupi lija. Chakumapeto tinaona mitu yonse ikuthamangira kwa ife, ya Mwazisi ndi yathu, fumbi kobo. Mutu umodzi unapatuka, unawerama, kenaka unasowa. Bwalo lonse linaphulika. Amayi nthungululu, ana kulowa m'bwalo, nsanja ya a Mhango kugwedezeka mpaka ndinaopa.

A Gondwe anandigwira mkono ndi dzanja lawo labwino lija. “Ndani? Asambizi, wagoletsa ndani?”

Nanenso sindinaone. Tinachita kufunsa anthu a mkati mofuula, ndipo yankho linabwera kudumpha mpanda: “Wongani! Wachita chokwawitsa pansi, goloboyi wangogwira mphepo!”

Mkulu uja anamwetulira, maso ali pa njerwa. Ine ndinamva chisoni, sindibisa. Mwana wagoletsa mtunda woti bambo ake akanatha kumuponyera chipewa, koma bamboyo wachita kuuzidwa ngati nkhani ya ku Lilongwe.

Madzulo Wongani anabwera, nsapato zili pakhosi, anzake akumuimbira. Anagwada pansi pa nsanja. “Adada, mwaona?”

“Ndamva,” anatero a Gondwe, kenaka n'kumuyamikira. “Wachita makora, mwana wane. Koma ulendo wina uzigoletsa ndi mutu. Za pansizo ndi za anthu olipira.”

Tonse tinafa nacho chiseko, ngakhale NyaKumwenda. Wongani analonjeza kuti ayamba kuphunzira kudumpha.

Lolemba m'mawa ndikupita kusukulu ndinakumana ndi khansala, nkhope ili ngwee. Akuti ndiuze anthu nkhani yabwino: matumba ena a simenti apezeka, amisiri ayamba mwezi wa mawa, ndipo ulendo uno mpanda ufika pomwe unayenera kufika. Anandiyang'ana kudikira yankho, munthu wosalakwa, wokhulupirira ndi mtima wonse kuti akutichitira zimene tinapempha.

Ndinakuuzani kuti timayankha ndi miyendo. Koma a Gondwe mwendo wawo ndi umodzi, ndipo maliro abodza sangawathandize. Ndiye ndikufunseni inu amene munaomba nane m'manja pansi pa mtengo paja: pamsonkhano wotsatira, khansala akadzafunsa ngati alipo wa maganizo ena, adzaimirire ndani kunena kuti matumba amenewa apite ku mipando ndi bwalo la atsikana, mpanda utsale pomwe ulipo? Kapena tidikire Wongani aphunzire kuuluka?