Mayi Aechte ndi Khanda la Msewu Wonse

Mumsewu wathu wa owomba nsalu kuno ku Haarlem, aliyense amene sanamere imvi anatulukira m'manja mwa mayi Aechte, mzamba wathu. Ndi aafupi, onenepa, mano anatsala a m'mbali okha. Anaika m'manda amuna awiri, ndipo amati onsewo anafa chifukwa chokonda kuwatsutsa.

Mzinda utagwa m'manja mwa Asipanya, asilikali awo anayamba kugawidwa m'nyumba zathu. Mfumu yawo inali itaiwala kuwalipira, ndiye ankadya zathu, nagona pamabedi athu. Nyumba imene ankailumpha ndi ya mayi wa m'chikuta yokha. Kuno mwana akabadwa timapachika pachitseko kansalu kofiira ka mphonje, ndipo akakhala wamkazi timaphimba theka lake ndi pepala loyera. Kansaluko kamateteza nyumba mpaka chikuta chitatha.

Ine ndinkaopa kuposa anzanga. Mwamuna wanga Wouter anali m'mabwato a oukira, koma ofunsa ndinkawauza kuti anakagula ulusi. Msilikali wogona m'nyumba sakanachedwa kudabwa kuti ulusiwo ukugulidwa kudziko liti.

Mwana wanga wamkazi Ytje atangobadwa, mayi Aechte anabwera ndi dengu la zochapa.

"Dieuwer mwana wanga, tandibwereke kakhandako."

"Mukupita nako kuti, mayi?"

"Kakabadwe kwa ophika buledi. Ndikabweza kasanamve njala."

Nkhani inali yakuti anzathu ankapachika kansaluko ngakhale popanda khanda, koma Sajeni Olmedo, msilikali woonda wa nsapato yomanga ndi chingwe, ankalowa paliponse pamene pali kansalu kuti aone ngati mwana alipodi. Choncho Ytje ankadutsa m'mipanda yakuseri ali m'dengu. Anabadwa kwa ophika buledi, kwa osoka nsapato, ngakhale kwa mayi wina amene mwamuna wake anamwalira kalekale. Ine ndinkatsatira ngati wothandiza mzamba. Paliponse Sajeni ankasuzumira m'mabulangete, n'kulandira chikho cha vinyo wotentha wa mazira, monga amalandirira aliyense wodzaona khanda.

Anatilakwitsa ndi bambo Symon, ofulula mowa. Iwowa anabereka ana aakazi okhaokha. Itafika nthawi yawo, anachotsa pepala loyera pachitseko.

"A Symon, mwapenga?" anatero mayi Aechte.

"Aaa, mayi, ngakhale wabodza yemwe akhale wamkazi? Ndilekeni ndilaweko kamodzi!"

Tisanawalande kansaluko, Sajeni anagogoda. Akazi a bambo Symon, mutu uli mbuu ndi imvi, anadziponya pabedi nayamba kubuula ngati abereka ng'ombe. Sajeni ananyamula Ytje, ndipo Ytje anasankha nthawi yomweyo kuipitsa thewera. Ndinatambasula manja, koma munthu uja anandikankha ndi chigongono, namasula yekha.



"Pachitseko mwamuna," anatero m'chilankhulo chathu chimene amachithyolathyola. "Muno mkazi."

"Ndi kuzizira kwa kuno, bwana," anayankha mayi Aechte osaphethira n'komwe. "Zimabisala. Kwanu kotentha simungazidziwe."

Ytje anayamba kulira, ndipo mkaka unanyowetsa diresi langa pamaso pa onse. Sajeni anandiyang'ana pachifuwa, nayang'ana mayi a imvi aja, kenako anandipatsa mwana.

"Uyu ndimamudziwa. Amayenda kuposa ine msilikali." Anatenga chikho chake namwa mpaka pansi. "Bwezerani pepala. Bwana wanga samwa vinyo wa mazira, koma kunyonga anthu amakonda." Ali pakhomo anatembenuka, nandiloza. "Iwe, chikuta chako chatha. Mwana wakula. Loweruka ndikubweretsera asilikali."

Masiku amenewo chakudya sichinatsike. Ndinawotcha malaya akale a Wouter a m'mabwato, ndinaganiza zothawa, koma ndi khanda ndikanalowera kuti? Nditakadandaula kwa mayi Aechte, anangondifunsa ngati ndili ndi mazira.

Loweruka m'mawa anatulukira kuseri ndi dengu lawo lija. Munali kamnyamata kofiira ngati nkhanu yophika, kobadwa dzulo lake kwa ogulitsa nsomba.

"Gona pabedipo, ubuule."

"Mayi, ndaberekanso bwanji miyezi iwiri isanathe?"

"Anali mapasa. Winayu anachedwa. Ukufuna kundiphunzitsa ntchito?"

"Atinyonga, mayi!"

"Ine khosi ndilibe, chingwe chikagwira pati? Buula!"

Anapachika kansalu katsopano pambali pa ka Ytje, natereka vinyo pamoto, osaumira mazira. Sajeni anafika ndi asilikali ake atasenza mitolo. Anawasiya panja, nalowa yekha. Kubuula sikunandivute, mantha ankabuula okha. Anaona Ytje, naona kamnyamatako, kamene tsitsi lake silinafanane ndi la munthu aliyense wa m'nyumba mwathu. Mayi Aechte atamuuza kuti ndi mapasa ndipo winayu anachedwa, mphuno ya Sajeni inagwedezeka cha kumoto.

"Wachedwa ndithu," anatero.

"Watengera bambo ake," anayankha mayi Aechte. "Nawonso akapita kogula ulusi sabwera msanga."

Ndinaluma bulangete. Sajeni anatsegula zenera, nakalipira asilikali aja m'chilankhulo chawo, iwo n'kusenzanso mitolo yawo kulowera kumsewu wina. Kenako anakhala pampando wa Wouter, navula nsapato yachingwe ija, natambasula chikho.