Vani Inkaomba Pamphambano

Vani ya amuna anga inali yakale kuposa ukwati wathu. Ankanyamulira matimati ndi repu kuchoka kwathu ku Bundabunda kupita kumsika wa pa Chongwe. Matenda ake anali amodzi: inkaomba ngati mfuti, phuu! nkhuku zonse balala. Chaka chathunthu ndinkadandaula, iwo n'kumangoti, "Nanga siyenda? Isiyeni."

Akamabwerera madzulo ndinkaimva ikuomba kawiri, potsetsereka kumtsinje ndi pokhotera pakhomo pathu. Koma nyengo yokolola itafika inayamba kuomba katatu. Kuomba kwatsopanoku kunkamvekera chapamphambano ya kuchigayo, pamene msewu ndi wosalala, wopanda ngakhale dzenje. Ikaomba pamenepo, ndinkatha kutereka nyemba zofutsa mpaka kupsa, vani osatulukira.

Alongo anga ndi makanika pa boma pa Chongwe pomwepo. Tsiku lina amuna anga ali kalikiliki kutsitsa matimati pamsika, ndinawakokera alongo angawo pamene vani inaima. Anakwawira pansi, n'kutuluka chala chili bii ndi mwaye.

"Paipi ya ekizosi yabooka pafupi na injini," anatero. "Munthu akachotsa phazi pa mafuta, petulo wosapsa athawira mu paipi, akumana na mphepo yolowera pabowo, basi phuu."

"Nanga pothamanga?"

"Awe mlongo, pothamanga siingaombe. Iomba chabe ngati munthu afuna kuchepetsa kapena kuima."

Pamphambano paja pali nyumba imodzi yokha, ya mayi wina wamasiye woluka tsitsi. Amuna anga ali ndi dazi, angakalukitse chiyani?

Ndikanakhala wanzeru ndikanasunga pakamwa, koma ine ndine uja wosachedwa kupsa. Madzulo omwewo, asanasambe n'komwe m'manja, ndinawafunsa.

"Imwe atate a ana, pamphambano ya kuchigayo muimirira chani masiku onse?"

"Ndani wakuuzani?"

"Vani yanu."

Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha. Akuti pamenepo pamadutsa mbuzi. Ha! Mbuzi zanji zodutsa ola lomwelomwelo tsiku ndi tsiku, n'kumatenga nthawi yonse ija?

M'mawa mwake munthu uja amene anakana kukonza vani chaka chonse analawira nayo mame asanakamuke, osanyamula ngakhale bokosi limodzi la matimati. Sanapite kwa alongo anga ayi, anakawotcheretsa paipi kwina. Madzulo ndinangodzidzimuka vani ili kale pakhomo, zii, nkhuku zikutola zakudya pambali pake.

"Si mwakhala mudandaula?" anatero akutseka chitseko. "Nakonza."

Sindinawagwirepo ndi kanthu, ndipo mayi uja timapatsanabe moni kutchalitchi. Koma zimandipweteka, chifukwa mboni yanga ndinaiulula ndekha. Mpaka lero dzuwa likapendeka ndimapezeka ndaima panja, khutu lili chakumphambano, ndipo sindimva kanthu.