Njinga Imene Inakalambira Kudenga

Ndikakumbukira anganga anga, Che Amidu, bambo awo a mayi anga, chimayamba kundifika ndi fungo la sulushoni womatira machubu, losakanikirana ndi la girisi wakuda ndi utsi wa mbaula ya mayi wokazinga chinangwa amene ankakhala pafupi ndi shedi yawo pamsika wa Ulongwe. Kenako limabwera phokoso: sipanala kugwera m'beseni, tcheni kulira akamazunguza pedulo njinga itagona chagada, mpope kupuma ngati munthu wa mphumu. Chomaliza kubwera, ndipo chimabwerabe ngakhale papita zaka chiwaikireni m'manda, ndi mkwiyo. Ndinkawakonda nkhalamba aja. Koma Mulungu andikhululukire, palibe munthu amene anandiwawitsapo mutu ngati iwo.

Anali okonza njinga, ndipo anali munthu wosadziwa kufulumira. Wakabaza ankatha kubwera m'mawa kuti amumangire sipoko imodzi yokha, n'kupezeka dzuwa lafika pamutu akadali pabenchi, makasitomala ake akukwera njinga za anzake, anganga akuzunguzabe tayala diso limodzi atatsinzina. Ukawadandaulira ankangoti, "Tayala silinama, amanama ndi anthu." Mawu amenewa ndinawamva mpaka kutopa nawo, poti ine ndi amene ndinkawapititsira tiyi ndi chinangwa, n'kumadikira kapu kuti ndibwerere nayo.

Chifukwa cha kuuma mutu komweko, anthu anawasankha kukhala woweruza mpikisano wa anyamata a kabaza. Unkachitika chaka ndi chaka masana a tsiku la Idi, anthu atapemphera ndi kudya mpunga wawo. Njinga zinkanyamukira kudooko la ku Shire, kutsata msewu wafumbi, n'kudzathera pamtengo wa mango wa kumsika. Ankabwera a ku Nsanama, a ku Liwonde, Asilamu ndi Akhristu omwe, poti njinga ilibe mpingo. Anganga anali ndi njira yawoyawo yodziwira wopambana. Ankatenga ulusi wosokera, kuupaka laimu, n'kuumanga modutsa msewu pa zikhomo ziwiri, kutalika kwake kofika pakati pa tayala. Tayala loyamba kuugunda linkaudula n'kutsala ndi kamzere koyera. Iwo ankagwada pambali atavala mkanjo wawo woyera wa Idi, diso limodzi chitsinzinire. Lamulo lawo linali limodzi: chowerengedwa ndi tayala lakutsogolo, osati mutu, osati dzanja, osati kukuwa kwa abale.

Chaka chimene ndinasankhidwa kupita kusekondale yoyendera, mwini golosale wina anapereka mphoto imene inali isanaonekepo: njinga yatsopano yakuda, ya kaliyala yolimba, mapulasitiki akadali kumahandulo. Achimwene anga a Yusufu anasiya kugona tulo. Iwo ankapalasa njinga ya bwana wina, ndipo m'mawa uliwonse inkayenera kukhala pasiteji, osati kumanyamula abale. Sukulu yanga inali kutali, kuwoloka madambo awiri.

"Patuma, ndikangoitenga ija, nsapato zako zipuma," anandiuza. "M'mawa ndizikakusiya pageti penipeni, kenako n'kumapita kukasaka makasitomala. Bwana ndidzakhala ndekha."

Ndinawakhulupirira, chifukwa miyendo anali nayo. Amene ankatidetsa nkhawa anali mmodzi yekha, Fanuwelo wa ku Nsanama, mnyamata wachilomwe wamfupi amene anazolowera kukweza matumba a nandolo pazitunda.

Tsikulo kunatentha moti laimu ankauma m'manja. Ndinaima pafupi ndi chikhomo, nditavala diresi yanga ya Idi. Kunabweranso wojambula zithunzi, wa kamera ya filimu ija, amene mwini golosale anamuitana kuti mphoto yake ikumbukike. Tinayamba taona fumbi, kenako ana amene anakwera mumtengo anakuwa kuti akubwera. Anatulukira awiri okha, moyandikana ngati ng'ombe za pangolo, mapewa kukhudzana, matcheni akulira, ena onse atatsalira kutali. Fanuwelo anaweramira kutsogolo, chibwano chili pahandulo. Achimwene, atatsala pang'ono kufika pa ulusi, anachita chinthu chimene ndinali ndisanaonepo: anatambasula manja n'kukankhira njinga kutsogolo, thupi lawo n'kubwerera kumbuyo kwa chishalo. Ulusi unaduka. Msika wonse unakuwa, theka dzina ili, theka dzina linalo.

Anganga anadzuka, n'kusasa fumbi m'maondo, n'kuitanitsa njinga zonse ziwiri. Anazunguza tayala la achimwene: kamzere koyera kalipo. Anazunguza la Fanuwelo: kamzere koyera kaliponso. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, anthu ali chete moti unkamva mafuta akuthetheka pa mbaula ya mayi wa chinangwa uja.

"Tidikire chithunzi," anatero.

"Iyayi, Che Amidu, nenani zomwe mwaona!" anakuwa munthu wina wa ku Nsanama. "Munagwadira chiyani pamenepo?"

"Ndati tidikire chithunzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anaikweza njinga yamphoto ija paphewa, kukaimangirira ndi zingwe kudenga la shedi yawo, pamwamba pa machubu akale.

Ana a masiku ano sangamvetse kuti kudikira chithunzi kunali chiyani. Filimu inali isanathe, ndipo wojambula sakanakaitsukitsa ili theka. Tinadikira kuti wina akwatire. Tinadikira kuti ana atuluke kundagala, kuchinamwali cha anyamata, ajambulidwe pamodzi ndi azakhali awo. Itatha, inapita ku Zomba, n'kukakhalanso kumeneko. Sukulu inatsegulira ine ndikuyenda wapansi, koma sindinkadandaula kwambiri, poti ndinkati chithunzi chikubwera.

Chinabwera Lachisanu lina anthu akutuluka mumzikiti, ndipo khamu lonse linakhamukira kushedi. Ndinalowa chokwawa pakati pa miyendo ya akuluakulu kuti ndichione. Wojambula uja, pofuna mthunzi wa mango, anaima kumbuyo kwa anganga. Pamwamba pa chithunzi pankaoneka mitu iwiri, wa Fanuwelo uli patsogolo poti anawerama, wa achimwene uli kumbuyo poti anabweza thupi. Pansi pake, pamene panayenera kukhala matayala ndi ulusi, panali msana wa anganga. Mkanjo woyera, wochapidwa bwino, wositidwa bwino, utadzaza theka lonse la chithunzi.

A ku Nsanama anati mutu waonekeratu, njinga ndi yawo. A kwathu anati lamulo limanena tayala. Onse anatembenukira kwa mwini msana.

"Tayala silikuoneka," anatero anganga. "Mboni palibe."

Ena anati anyamatawo apikisanenso. Anakana, amvekere mpikisano wina ndi wina, njinga iyi ndi ya mpikisano uja. Ena anati igulitsidwe agawane. Anakana, ati wopambana sagawana ndi wolephera. Mwini golosale anati iye anapereka kale m'manja mwa woweruza, zisamukhudze. Ashehe anabwera kudzawanyengerera, anamwa tiyi, anabwerera. Fanuwelo yemwe, atatopa ndi maulendo, anati, "Agogo, ingowapatsani a Yusufu, ine ndili nayo kale yanga." Anganga anamukalipira ngati wawatukwana: "Si yako kuti uzipereka!"

Mayi anga ndiye anapsa mtima zenizeni. Tsiku lina ndinabwera kusukulu mvula itandinyowetsa, makope atafewa ngati masamba a chisoso, chidendene chitang'ambika. Anandigwira dzanja osandilola n'kusintha komwe, kundikokera kushedi.

"Ababa, tamuonani mwanayu. Njinga ili apo ikudyedwa ndi akangaude, mdzukulu wanu akuwoloka madambo wapansi. Chibale ndi fupa, ababa!"

"Mlandu suwola," anayankha, maso ali pa chubu chimene ankachimiza m'beseni kufunafuna pobowoka.

Mlandu suwola, inde. Koma matayala amawola, ndipo ndinawaona ndi maso anga akuphwa, kenako akuchita ming'alu. Mapulasitiki a kumahandulo anasanduka achikasu, mavu anamanga pansi pa chishalo. Chaka chotsatira palibe anapereka mphoto, ndipo mpikisano unathera pomwepo. Ine ndinayenda wapansi mpaka kumaliza folomu 4, ndipo tsiku lililonse njira yanga inkadutsa pakhomo pa shedi ija. Achimwene anapalasa njinga ya bwana mpaka mtima unawathera. Tsiku lina anangolongedza kachikwama n'kukwera basi ya ku Joni, monga anyamata ambiri a kwathu. Anakatsanzika kwa anganga, anganga n'kuwadalitsa bwinobwino, njinga ili pamwamba pa mitu yawo.

Zaka zinapita, ndinakhala mphunzitsi ku Balaka. Tsiku lina pa tchuthi ndinapita kukawaona. Anali atakalamba, ng'ala itaphimba maso, ntchito atasiyira mphwawo, koma ankakhalabe pabenchi la m'shedi kumvetsera matcheni. Pafoni yanga panali kanema amene mnzanga wina ananditumizira, wa mpikisano wa njinga wa ku Ulaya, wa anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo. Awiri anafika pamzere limodzi, ndipo wina anakankhira njinga kutsogolo ndendende ngati achimwene. Ndinawafotokozera anganga, mwina ndi kamwano pang'ono, kuti kumeneko samanga ulusi. Kamera yawo imakhala pamzere penipeni, imayang'ana mzere wokhawokha, palibe msana wa munthu woitchinga. Posakhalitsa chithunzi chimatuluka, ajambulapo kamzere pamphuno ya tayala lililonse, ndipo ngakhale kusiyana kuchepe ngati chikhadabo, wopambana amalengezedwa anthu asanabalalike.

"Amawerenga tayala?" anafunsa.

"Tayala, anganga."

"Ehee! Ndinkanena ine." Anasangalala ngati mwana. Kenako anakweza chala chawo cha mkombaphala, n'kuchigwira m'mimba mwake ndi zala za dzanja linalo. "La Yusufu likanaoneka bwino pamenepo. Linatsogola chonchi. Chala chimodzi."

Ndinayamba ndaganiza kuti sindinamve bwino.

"Mukuti chiyani, anganga? Munaona?"

"Ndinagwadira chiyani pamenepo? Ndinaona. Ulusi anadula ndi Yusufu, la mnzakeyo linangoukhudza ukugwa."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Iwe Patuma, ndi mdzukulu wanga. Akanati Che Amidu akondera magazi awo. Diso la gogo si mboni."

Ndinaimirira. Ndinakhalanso pansi. Ndinali mayi wa ana, mphunzitsi wolemekezeka, koma ndinalira ndi ukali ngati kamtsikana konyowa kaja. Ndinawakumbutsa madambo, chidendene, basi ya ku Joni. Ankangogwedeza mutu, kuvomereza zonse, nkhope ili phee.

"Chabwino," ndinatero nditapukuta misozi. "Mwanena tsopano. Itsitseni lero, ndiwaimbire achimwene."

"Mboni ili kuti?"

Anamwalira mvula ya chaka chomwecho isanagwe, njinga ikadali kudenga. Pa sadaka yawo anthu anawayamikira kuti anali munthu wosakondera, woti ngakhale mdzukulu wake sanamupatse chosayenera. Nditawaimbira achimwene n'kuwauza za chala chija, anaseka kuseka kosakoma. "Ndiye ndikwere basi ndidzaitenge?" Sanabwere. Ana awo anabadwira komweko, ndipo Chiyao sachidziwa.

Njingayo ili kwanga tsopano, yadzimbiri, yosakwereka. Chithunzi chija ndili nachonso, ndipo ndikachiyang'ana ndimafuna kuwagwira phewa nkhalamba aja ndi kuwasuntha pang'ono. Ankaopa kunenedwa kuti anama, mpaka anabisa zoona zimene anaona, ndipo amene analipira ulemu wawowo ndi ife.

Chaka chatha, pa tsiku la masewero kusukulu kwathu, anandiika pamzere womalizira mpikisano wothamanga wa atsikana. Mwana wanga Mariamu anafika limodzi ndi mtsikana wina, moti kwa amene anaima patali zinali zosasiyanitsika. Ine ndinali pamzere penipeni, ndipo ndinaona chifuwa cha Mariamu chikutsogola. Makolo anayamba kale kung'ung'udza. Mayi wina anakuwa kuti, "Tione ngati aphunzitsi sakondera mwana wawo!" Kwa kanthawi ndinamva fungo la sulushoni.

Ndinakweza dzanja la mwana wanga. "Wapambana ndi Mariamu," ndinatero mokweza, kuti ndi a kumbuyo omwe amve. Anandinena mpaka teremu inatha, ena akundinenabe. Mphoto yake inali kabeseni kapulasitiki, ndipo anapita nako kunyumba tsiku lomwelo.