Thumba la Jekete la a Makina

A Makina a kumunsi kwa phiri la Michesi anamera imvi akuweta mbewa. Osati zapampani zija ayi, koma zoyera ngati thonje, za maso ofiira, kunyumba ina ya kafukufuku m'tauni.

Akatswiri kumeneko anali ndi thabwa longa mtanda, loimikidwa m'mwamba, mbali ziwiri zotchinga, ziwiri zapambalambanda. Mbewa yamantha inkakakamira kotchinga. Ndiye zina ankazipatsa nikotini wa mu fodya, zina madzi a zitsamba, kuti aone ngati mtima ukhale pansi n'kutulukira poyera. A Makina ntchito yawo inali yosesa timakola basi.

Koma anthu achifundo amavuta. Kambewa kena kankanjenjemera kwambiri, iwo n'kumakaika m'thumba la jekete m'mawa uliwonse akamasesa. Tsiku loyesa, kopanda mankhwala komwe, kanayenda pathabwa paja mpaka kumapeto kwa mbali yapambalambanda n'kuyamba kupukuta kumaso ngati kali kwawo.

“Bambo Makina, mwatisokonezera ntchito,” anatero mkulu wa pantchitopo akuseka. “Zam'thumbazo zithe.”

Atapuma ntchito anabwerera kumudzi. Chaka chomwe napolo anatsika m'phiri n'kukokolola minda ndi anansi, akazi awo, a Belita, anapulumuka. Koma kuyambira pamenepo phazi lawo silinadutsenso khonde. Kamtambo kakangoti yepu pa Michesi, iwo ali kuseri kwa chitseko, thupi lili njenjenje.

A Makina anayesa zomwe anaona kuntchito. Anawiritsa udzu wa mandimu. Anapalasa njinga mpaka ku Chiringa kukagula fodya wamphuno. A Belita ankayetsemula, mtima n'kutsika pang'ono, kenako mantha n'kubwerera pamalo pake. Zinkawawawa a Makina kuona mkazi wawo akutha ngati sopo, ali moyo.

M'mawa wina, nkhungu itakuta phiri, a Makina anawodzera pakhonde. Analota mbewa zoyera zikutsika Michesi mwakachetechete, miyandamiyanda, iliyonse ikufunafuna thumba. Atadzidzimuka anavala jekete lakale lija, nagwira dzanja la a Belita n'kulilowetsa m'thumba.

“Iih, anthu atiseka, akuluakulu ngati ife!” anatero a Belita.

“Aseke. Mano ndi awo.”

Anatsika khonde. Dzanja la a Belita linabisala m'thumbamo monga kambewa kaja. Amayi a pamjigo anaimika zidebe.

“Ukwati watsopanotu uwu, agogo!” anakuwa mmodzi.

“Mtambo uwo,” a Belita ananong'ona.

“Ndauona. Tiyeni.”

Anadutsa miyala yomwe napolo anasiya, mpaka pomwe mitengo imathera, chigwa chonse cha Phalombe chili mbee kutsogolo kwawo. Pamenepo a Belita anatulutsa dzanja okha. Anapukuta kumaso ndi chitenje, nayang'ana munda wawo nthawi yaitali.

“Mizere yokhota chonchi mwalima ndinu?”

A Makina misozi inali mbwembwembwe.

“Mawa mundibweretsere khasu langa,” anatero a Belita.