Nsapato ya Kumanzere

Pagalaja ya kuseri kwa ogulitsa matayala palibe amene amakumbukira dzina lenileni la Mayi Mphuno. Galimoto ikabwera ndi vuto la giyabokosi, iwo sathamangira sipanala. Amatapa kadontho ka oyilo, n'kukafikisa pakati pa zala, n'kununkhiza ngati munthu wosankha sopo. Poyamba amakaniko anzawo ankawaseka. Masiku ano zikawakanika amakankhira galimoto kwa iwo omwewo, mwakachetechete.

Ntchitoyi anaiyamba ali mtsikana, akutsuka zitsulo m'beseni la parafini. Bambo awo anali dalaivala, ndipo anachotsedwa ntchito chifukwa cha injini imene inafera m'manja mwawo, chonsecho inali yodwala kale. Kuyambira pamenepo Mayi Mphuno amadana ndi mawu oti "yangowonongeka yokha". Mtima suwakhala pansi mpaka atapeza chimene chayambitsa.

Lachiwiri lina m'mawa kunalowa galimoto yofiira, yotsika ngati ikukwawa, ija yoti ukangoiponda pang'ono umameza mate. Giya zake zinali za otomatiki, zisanu ndi zitatu. Mwini wake, bwana wa kampani yomanga nyumba, anatsika nkhope ili gwaa. Pambuyo pake panaima dalaivala wake, bambo waimvi, chipewa chili m'manja.

"Mayi, galimoto iyi yazungulira magalaja atatu," anatero bwanayo. "Ikatentha imanjenjemera, giya zimangodumphadumpha, kenaka imakakamira giya imodzi n'kumayenda ngati ngolo. Asintha oyilo, asintha masensa, koma ayi ndithu. Vuto ndikulidziwa ine, ndi awa. Anazolowera malole. Mukangonditsimikizira, Lachisanu akapume kwawo."

Dalaivala uja anangoyang'ana pansi. Mayi Mphuno anamumvera chisoni, koma chisoni sichikonza galimoto. Bwana atachoka, Mayi Mphuno analumikiza kompyuta kugalimoto. Inangonena chinthu chimodzi: oyilo wa giyabokosi wakhala akutentha mopitirira, maulendo khumi ndi kamodzi. Kompyuta ndi mboni yamantha, imavomera kuti ndewu inachitika koma woyambitsa ndiye sinamuone.

Ananunkhiza oyilo. Anali wopserera, ngakhale anathiridwa mwezi womwewo. Anamasula chivundikiro cha pansi n'kuyang'ana maginito amene amagwira tizitsulo tonyenyeka, koma anali oyera. Mapaipi oziziritsa oyilo sanatsekeke. Apa ndiye chidwi chinawagwira zenizeni. Giyabokosi yabwinobwino ingadziwotche bwanji yokha?

Lamulo lawo ndi limodzi: galimoto imaulula matenda ake ili m'manja mwa woiyendetsa. Anakhala kumpando wa pambali, dalaivala n'kuwatengera kumsewu wa chitunda. Anakwera, anatsika, anakweranso. Giya zinkalowa mwaulemu, osamveka n'komwe.

"Bambo, kodi imavuta inu muli pachiwongolero?"

Dalaivala anatsokomola. "Mayi, ine ndili ndi ana kusukulu. Wantchito amaona ndi maso, pakamwa n'kutseka." Atayenda pang'ono anawonjezera chapansipansi, "Loweruka ndi Lamlungu ndimapuma."

Atabwerera kugalaja, Mayi Mphuno anagwada pakhomo la galimoto n'kuunika kumapazi ndi tochi ya foni. Labala wa chopondera buleki anali ataperepeseka ngodya ya kumanzere, kumene phazi lamanja silifikako. Pangodyapo panali popakika polishi wofiirira. Anasuzumira nsapato za dalaivala. Zinali zakuda.

Masana bwana atabwera, Mayi Mphuno anamupempha kuti ayendetse yekha. Iwo anakhala pambali, maso ali pansi. Phazi lamanja linkaponda moto, lamanzere litatsamira pabuleki ngati mlendo amene wapeza mpando wabwino. Pakati pa chitunda galimoto inayamba kunjenjemera, nyali yachenjezo n'kuyaka.

"Mwaona mmene anaiwonongera!" anakuwa bwanayo.

Tsono munthu wamkulu chonchi ungamuuze bwanji? Ukamuloza chala, mkwiyo wake ukagwera dalaivala yemwe uja. Anamuuza kuti aime pamthunzi galimoto izizire, ndipo itazizira anati, "Bwana, vulani nsapato ya kumanzere mundipatse."

"Nsapato? Mayi, mwasanduka sing'anga?"

"Ndi mmene timayezera kuno. Vulani basi."

Anavula akung'ung'udza, n'kuyambanso ulendo. Phazi la sokisi linanyamuka lokha n'kukatera pabuleki, koma mizere ya labala italikanda linabwerera msanga. Linapitanso, linabwereranso. Kachitatu bwanayo anayang'ana pansi. Galimoto inamaliza chitunda chonse ili myaa.

"Ndinaphunzirira galimoto ya kilachi," anatero bwanayo pomaliza, mawu atachepa. "Phazi ili linazolowera kukhala ndi popondapo."

"Limodzi likuti tiyeni, linalo likuti imani," anayankha Mayi Mphuno. "Giyabokosi ikumvera mabwana awiri nthawi imodzi, ndiye oyilo amawira. Tisinthanso oyiloyo, basi. Chitsulo sichinalakwe."

"Nanga adalaivala akudziwa?"

"Akhala akudziwa kuyambira kale, bwana."

Atafika pagalaja anapeza dalaivala ataima pomwe anamusiya, chipewa chikadali m'manja. Bwana anatsika osakumbukira nsapato. Anadutsa pasimenti ya oyilo ndi sokisi yake yoyera, amakaniko onse atasiya ntchito n'kumamuyang'ana, mpaka anakaima pamaso pa bambo waimviyo n'kumupatsa makiyi ndi manja awiri.

"Bambo, ndinakulakwirani. Lachisanu mubwere, ndi Lolemba lomwe. Loweruka ngati muli ndi mpata, mudzandiphunzitse."

Mayi Mphuno anaika nsapato ija pamwamba pa galimoto n'kupita kubeseni la parafini. Anakondwa, koma anakumbukira bambo awo akulowa m'nyumba masanasana, chipewa chili m'manja, popanda amene anagwada kuyang'ana m'injini muja. Anasamba m'manja nthawi yaitali, ngakhale munali mutayera kale.